Dazi la Agogo Anu Kuseri kwa Nyumba

Iwe Yamikani, usathawe. Ndakuona kalekale ukusuzumira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndamva zomwe wakauza anzako, zoti agogo ayamba kudya dothi ndi supuni. Kaitane Tadala ndi enawo mubwere nonse ndikuuzeni ndekha, chifukwa nkhani imeneyi ikafika pa foni kwa amayi anu ku Lilongwe, mawa lomweli afika ndi galimoto kudzanditengera kuchipatala. Khalani pathanthwepo, koma mapazi anu asaponde zotuwazo. Sindikudya dothi ayi. Ndikupala dazi la agogo anu aamuna. Sindikunena la kumutu lija, limenelo likudzikulira lokha popanda wolithandiza. Ndikunena malo oyera awa ali pakati pa ndereyi.

Inde, zotuwazi ndi ndere. Ife timati ndere ya pamtunda, posiyanitsa ndi ya m'nyanja ija imakugwetsani mukamasamba pamiyala. Weramani muione ndi maso, foniyo ibwerere m'thumba. Mukuona timamba totuwa togundizana, m'mphepete mopindika, kunsi koyera? Apo ndi apo patuluka tinthu toima, kumwamba kokumbika ngati tizikho ta pa mgonero kutchalitchi. Gwira, Tadala. Yauma gwa, ukaifinya ikuyoyoka, ndipo aliyense angalumbire kuti inafa kalekale. Tsopano thirapo madzi a m'botolo lakolo pang'ono, tidikire. Mwaona? Yafewa, yayamba kubiriwira. Zobiriwira zofewa zija zimamera kuseri kwa bafa si zimenezi, zijazo zimafuna mthunzi ndi chinyezi. Iyi imafuna dzuwa, ndi dothi lochepa logona pamwamba pa mwala, pomwe madzi a mvula sakhalitsa ndipo udzu umalephera. Mizu ilibe. Ukaitukula ndi chikhadabo imangonyamuka ngati nkhanambo.

Ine ndinaidziwa ndili kamtsikana. Kalelo akazi a mudzi uno ankayanika makaka pathanthwe mwakhalapolo, ndipo ntchito ya ife ana inali kuingitsa mbuzi ndi akhwangwala. Inu makaka mumawanyoza, mumafuna buledi, koma chinangwa choumacho ndicho chinalera amayi anu mpaka kukula kuvala magalasi. Tsiku lina ndikuingitsa mbuzi choncho, ndinapala ndere malo ang'onoang'ono uko kumunsi, ndikufuna poikira mafuwa a masanje. Ndinakula, masanje ndinasiya, ndinatha msinkhu, koma malo ndinapala aja anali akadali oyera. Ndere inali itangosendera m'lifupi mwa chala. Palibe wina ankadziwa zimenezi m'mudzi muno, chifukwa anthu akuluakulu sayang'ana pansi pokhapokha atagwetsa singano.

Agogo anu a Yotamu anali mnyamata wa kunyanja, mwana wa msodzi. Masiku amenewo kunalibe kabaza ngakhale njinga zamoto zomwe zimakusokosanizi. Ankabwera kuno kwa Maganga wapansi, dengu la usipa wouma pamutu, kudzasinthanitsa ndi chimanga. Mbale ya usipa, mbale ya chimanga, nkhani yatha. Amphaka a mudzi wonse ankawalondola kuchokera kumsewu mpaka kubwerera. Musaseke, anali munthu wooneka bwino, tsitsi lilipo lonse, mapewa a munthu wopalasa bwato. Pakhomo pa ena mbale yawo inkadzaza mwaulemu basi, koma pakhomo pathu inkadzaza mpaka usipa kutayikira pansi. Amayi anga sanachedwe kuzindikira kuti munthuyu sakufuna chimanga chokha.

Inu a masiku ano mukakwatirana mumakachita lendi kutauni, apongozi mumawaona pa Khirisimasi. Ife kwathu kuno mwamuna ndiye ankasamuka, kudzakhala kwa mkazi ngati mkamwini, kulima munda wa apongozi, kuwathawa m'njira akakumana nawo. Agogo anu tsiku lina pothawa amayi anga anadumphira m'chitedze, ndipo anadzikanda mpaka madzulo osauza munthu chifukwa cha manyazi. Koma vuto lawo lalikulu silinali amayi. Linali atsibweni anga a Gidioni, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu komanso nkhoswe yanga. Iwowo ankafuna ndikwatiwe ndi mnyamata wina wa ku Chinguluwe wolima mpunga, mwini ngolo ya ng'ombe. Ukwati wanga anangouvomera chifukwa ndinakana kudya. Ankanena poyera agogo anu akumva kuti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Nanga uyu wochokera m'madzi momwemo?"

Mvula itayandikira, atsibweni anatenga agogo anu kukawaonetsa malo a mbumba yathu kuti asankhe munda. Anawayendetsa kudambo, komwe dothi lake ndi lakuda bii ndipo udzu umabisa munthu. Anawayendetsanso m'mbali mwa chulu. Kenako anati, "Sankhani nokha, akamwini, mawa musadzanene kuti tinakupatsani poipa."

Agogo anu anadutsa monsemo osaima, nadzaima pano pomwe.

"Pano, bambo," anatero.

"Pano?"

"Eya. Kwathu pomwe pali ndere ndi pomwe nsomba zimasonkhana, ndiye kuti pano pali chakudya. Komanso udzu palibe, sitivutika n'kusosa."

Atsibweni sanaseke ngakhale pang'ono. Anangoti, "Mwasankha bwino. Mawa m'mawa muyambepo." Atatero anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu kuti adzaone ulimi wa kunyanja.

Ine ndinali ndisakudziwa kanthu, ndinali nditapita kuchigayo kuboma, ndipo ulendo umenewo kalelo unali wa wapansi, thumba pamutu, kugona kwa achibale. Ndinabwerera dzuwa litakwera n'kupeza mudzi wonse uli pano. Agogo anu analibe khasu lawolawo, ndiye anabwereka la amayi anga, losulidwa ndi mmisiri wa m'mudzi, limene amayi ankalisunga kumutu kwa mphasa yawo ndipo ngakhale ine sindinkaligwira. Ndinafika akulavulira m'manja. Anagwetsa khasu, ndere n'kuuluka. Anagwetsanso, fumbi koboo. Kenako anasonkhanitsa mphamvu zonse za pabwato zija, ndipo tinangomva kuti ngwee, moto n'kuthetheka. Khasu linang'ambika pakati. Pansi panatsala malo oyera aakulu ngati lichero, mwala ukuoneka. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, koma amayi anga anatola zidutswa za khasu n'kulowa m'nyumba.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Kunyanja kunachokera mkulu wawo wa agogo anu, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana. Atsibweni anati munthu wosasiyanitsa munda ndi mwala sangadyetse mwana wa eni, choncho apinde mphasa yake abwerere kwa a ng'ona anzake. Mkulu wawo uja anangoti zyoli. Ndinachita mantha kwambiri tsiku limenelo, ana inu. Munthuyo ndinkamukonda, ndiponso ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ngakhale ndinali ndisanauze aliyense.

Koma atsibweni anga ndinkawadziwa. Ankafunadi kuti mkamwini achoke, komanso mapewa aja ankawasirira, pakuti nyengo yopalira inali kutsogolo ndipo m'mbumba mwathu amuna anali ochepa. Ndiye ndinagwada n'kuwomba m'manja.

"Atsibweni, ndilankhuleko?"

"Lankhula, koma usatilirire pano."

"Munthuyu walakwadi, achoke. Koma akachoka lero, anthu adzati kwa a Gidioni anathamangitsa mkamwini mvula ili pakhomo chifukwa cha khasu. Bwanji ayambe wagwira ntchito m'munda mwa amayi, mpaka ndere itatseka pomwe wapalapo? Ikadzatseka, mphasa ndidzamupindira ine ndemwe."

Atsibweni anagwira ndevu. Ndinawaona akuwerengera mumtima kuti ndere ili ngati udzu, mvula ikamatha idzakhala itatseka, chimanga chili m'nkhokwe, mkamwini atawalimira kwaulere. Anaimirira n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Mwamva nonse. Tsiku lomwe ndere idzatseke dazi limeneli, a kunyanja adzanyamule mphasa yawo. Lisanafike tsikulo palibe wowathamangitsa." Ankhoswe a mbali zonse anawomba m'manja, ndipo mawu onenedwa pamaso pa ankhoswe kalelo sankabwezedwa.

Agogo anu anandiyang'ana ngati ndawagulitsa. Anakhala osandilankhula, chakudya akungochitosa. Ndinawasiya avutike pang'ono, chifukwa khasu la amayi linandiwawa inenso. Kenako ndinawagwira dzanja n'kuwatengera kumunsi kuja, kukawaonetsa malo a masanje anga.

"Apa ndinapala ndisanagule mano," ndinatero.

Anawerama, anayang'ana malowo, anandiyang'ana ine kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anati, "A Naphiri, inu ndinu munthu woopsa." Tsiku limenelo anadya bwinobwino.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Mvula yoyamba itagwa, ndere inachita zomwe mwaonazi, inafufuma, inabiriwira, m'mphepete mwa dazi munasendera mkati. Atsibweni anabwera akuimba mluzu, bango loyezera m'manja, ndipo ine mtima unali m'mwamba. Ndinayamba kuganiza kuti mwina malo a masanje anga aja anali ndi tsoka lakelake. Koma dzuwa litabwerera ndere inafota n'kubwerera pomwe inali. Tinakolola, tinatuta, mwana anabadwa, dazi lili pompo, ndipo bango la atsibweni silinasonyeze kusintha kulikonse.

Apa ndi pomwe atsibweni anga anasanduka mlimi wa ndere. Poyamba anaganiza kuti ndi njala, ndiye anabweretsa manyowa a m'khola la mbuzi n'kumwaza mozungulira dazi. Ndere ya m'mphepete inada n'kufa, m'malo mwake munamera bonongwe ndi udzu. Mbuzi zinabwera kudzadya udzuwo n'kupondaponda ndere ina, ndipo dazi lomwe linali ngati lichero linakula ngati mphasa. Chilimwe chotsatira anati ndi ludzu ndi dzuwa. Anamanga kachisakasa ka udzu pamwamba pake ngati nazale ya fodya, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Agogo anu, mwaulemu wonse wa mkamwini, anapita n'kukagwada.

"Bambo, chidebecho n'cholemera. Ndizikutungirani ine madziwo."

"Chokani apa."

"Ndimangofuna kuthandiza kuti ntchito ifulumire, bambo."

"Ndati chokani."

Ndere yothiriridwa mumthunzi ija inawola n'kununkha. Atsibweni sanagwe ulesi. Anamva kuti kuphiri kuli ndere yambiri, ndiye analawira ndi lichero, anakayipala, n'kudzaiyala padazi ngati akufolera denga. Anaiwala kuti chinthu chopanda mizu sichiwokeredwa. Ina inauluka ndi mphepo, yotsalayo nkhuku zinaipalasa zikufuna chiswe. Mudzi womwe unaseka agogo anu uja tsopano unkaseka atsibweni, koma mobisa, chifukwa anali munthu wamkwiyo.

Ukuti chiyani, Tadala? Tamverani izi. Akuti kusukulu anawaphunzitsa kuti ndereyi ndi zamoyo ziwiri zokhalira pamodzi. China ndi mtundu wa bowa, chimene chimamanga pokhala n'kusunga madzi, chinacho ndi mbale wake wa ndere ya m'madzi, chimene chimapanga chakudya ndi dzuwa, ndipo ukazilekanitsa ndere imeneyi palibenso. Ndiye kuti wa m'madzi anadzalowa chikamwini kwa wa pamtunda? Zikanamveka zimenezi kwa atsibweni akanadwala. N'chifukwa chake manyowa anaipha, chinthucho chimadziphikira chokha, chimangofuna kuti anthu achisiye.

Atsibweni atatopa anaisiyadi, ndipo m'pamene ndere inayambanso kusendera mwa ulesi wake uja. Agogo anu anaphunzira kulima kudambo, ngakhale mizere yawo mpaka lero imayenda ngati njoka. Nyumba tinamanga pano pafupi ndi dazi, chifukwa pomwe pali ndere yotere madzi saima, ndipo m'zaka za mvula yambiri anzathu a kumunsi akamatunga madzi m'nyumba, ife tinkagona pouma. Chaka china kunagwa njala, chimanga chinapsa m'minda. Agogo anu anabwerera kunyanja, ndipo atsibweni anati, "Suja ndinanena, mlamba waterereka." Koma anabwera ndi dengu la nsomba, anapitanso, anabweranso, mapazi ataphulika ming'alu, mpaka mbumba yonse inafika pa masika popanda maliro. Atsibweni anadya nsombazo osathokoza, koma ndinaona kuti mwambi wa mlamba uja anausiya.

Chomwe sanasiye chinali kuyendera dazi. Mvula ikatha ankabwera ndi bango lawo, kuyeza, kupukusa mutu, kenako kuima pakhomo.

"Akamwini, mphasa ija mwapinda?"

"Ili chipindire, bambo, ndikungodikira ndere."

Umenewo unasanduka moni wawo. Ana anabadwa, anakula, amayi anu anapita kusekondale pa sitima kuchokera ku Salima atanyamula sutikesi yachitsulo, ndipo anthu awiriwa ankapatsanabe moni womwewo. Alendo akamva ankadabwa kuti munthu wa imvi akuuzidwa za kupinda mphasa.

Atsibweni anakalamba. Akazi awo anamwalira, ana awo anali kutali kuntchito, miyendo inatupa, maso anachita khungu pang'ono. Wowasambitsa anali agogo anu. Wowakweza panjinga kupita nawo kuchipatala kuboma, kukankha njingayo mumchenga, anali agogo anu omwewo. Ali pakaliyala atsibweni ankalamulabe kuti, "Pang'onopang'ono, akamwini, si bwato ili."

Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinawapeza atagwada pano. Nthawi imeneyo dazi linali litachepa, lafika ngati mbale yodyera. M'manja anali ndi mpeni, akupala ndere m'mphepete mozungulira.

"Atsibweni, mukutani?"

Anadzidzimuka. "Ndikufuna singano yanga, inagwera apa."

"Singano imafunidwa ndi mpeni?"

Anapukuta mpeniwo pa kabudula. Kenako anati, "Iwe Naphiri, mawu aja ndinanena pamaso pa ankhoswe, sindingawameze. Koma sindinanene kuti dazi lisapalidwe." Ndinatula ndowa n'kuwathandiza kuimirira, ndipo atandigwira paphewa anawonjezera kuti, "Usamuuze. Mkamwini asamakule mwendo. Ndikadzapita ine, uzipala ndiwe."

Ndinaseka, kenako ndinalira, ndipo anandikalipira chifukwa cha zonse ziwiri. Anamwalira mvula yotsatira, atatsamira pa agogo anu.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mvula ikamayandikira ndimabwera mwakachetechete kudzapala pang'ono m'mphepete. Pang'ono pokha, chifukwa ndereyi ndimaimvera chisoni, zomwe yayenda zaka zambiri ine ndimazichotsa pa kanthawi kochepa. Ankhoswe onse aja anatha, palibe angathamangitse nkhalamba ya zidzukulu zodzaza thanthwe. Ndimadziwa zimenezo. Ine ndine munthu wopemphera, za matsenga sindikhulupirira.

Koma mwamva nokha momwe agogo anu akutsokomolera chiyambire nyengo yozizira. Mankhwala akumwa, koma thupi likutha. Mwezi wathawu ana a mlongo wawo anabwera kuchokera kunyanja, anakhala pakhonde mwaulemu, n'kunena kuti akufuna awatenge, kuti chilichonse chikachitika chichitikire kwawo monga mwa mwambo. Agogo anu anawamvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Dazi silinatseke. Ndilibe chilolezo chochoka." Anyamatawo anaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, ndipo anabwerera okha. Ine lero m'mawa ndabwera kudzaona, n'kupeza kuti latsala ngati chikhatho changachi. Ndachita mantha omwe aja a pansi pa mtengo wa mango. Ndiye ndatenga chomwe chinali pafupi, supuni, ndipo ndi pomwe wandipeza iwe kazitape.

Tsopano mwadziwa, koma pakamwa potseka. Agogo anu za kupalazi sadziwa, ndipo atsibweni anandiletsa kuwauza. Chete, ndi agogo anuwo akuitana pawindo.

"A Naphiri, mwamaliza kupala?"

"Kupala chiyani? Ine ndikucheza ndi ana."

"Supuniyo mukaitsuke, ndi yomwe ndimamwera phala."

"Inu mwaona liti zimenezi?"

"Atsibweni anu mpeni uja anabwereka kwa ine. Chaka chino mupale mokulirapo, ndikufuna ndidye mango."

Mwamumva mkamwini wokula mwendoyu? Zaka zonsezi ine ndikuyenda monyang'ama, iye akundionera pawindo. Musandiyang'ane choncho, ndi fumbi la ndere landilowa m'maso. Yamikani, supuni yachepa. Thamanga ukatenge khasu, koma ugwetse mosamala, pansipa pali mwala.